Kodi Mbiri ya Kalasi Yathu Yaing'ono Tiilembe Bwanji Pamene Aliyense Akukumbukira Zake?

Mayi ena amene amawerenga zolemba zanga anditumizira funso pa imelo, ndipo andilola kuti ndiliyankhe poyera malinga ndisatchule dzina lawo kapena la sukulu imene anaphunzirako. Iwo anaphunzira pasukulu yaing'ono ya sekondale yakumudzi, kumene anayamba Fomu 1 ali ophunzira 31 koma pofika tsiku la mayeso omaliza anali atatsala 17 okha. Tsopano patha zaka 20 chimalizireni sukulu, ndipo anzawo agwirizana zoti akumanenso komanso asindikize kabuku kofotokoza zaka zinayi zimene anakhala limodzi. Ntchito yolemba kabukuko yagwera mayiwa, ndipo ataiyamba apeza zinthu zimene zikuwasowetsa mtendere. Anzawo akukumbukira zinthu mosiyana kwambiri, makamaka za mphunzitsi wawo wa masamu, amene ena akuti ndiye anawatsegula mutu pamene ena akuti ndiye anawadanitsa ndi sukulu. Palinso mkangano ngati anthu 14 amene analekera panjira ayenera kulembedwa m'kabukuko ndi kuitanidwa kumkumano. Kuwonjezera apo, anzawo amene anatsala kumudzi angoti chete pagulu la WhatsApp limene anatsegula, ndipo awiri anena kale kuti sadzabwera. Kalatayo yatha ndi funso lakuti: "Kodi ndilembe zoona za ndani?"

Mayi, ndiyamba ndi nkhani ya anthu 14 aja, chifukwa mukaiweruza bwino zina zonse zipepuka. Kalasi yanu ndi ya anthu 31. Nambala ya 17 ikungonena za amene analemba mayeso, ndipo mayina awo alipo kale m'mabuku a bungwe loona za mayeso ndiponso pamasatifiketi awo. Chimene inu mwapatsidwa kuti mulembe ndi mbiri ya anthu amene anakhala m'chipinda chimodzi tsiku ndi tsiku, ndipo munthu amene anaphunzira nanu zaka ziwiri ndi theka fizi isanamuthere anali m'chipindamo monga mmene inu munaliri. Anali ndi malo ake okhala, anali ndi mnzake wobwerekana naye buku, ndipo aphunzitsi ankatchula dzina lake m'mawa uliwonse poitana mayina. Ngakhale kuchoka kwake kunali chinthu chimene chinakuchitikirani nonse otsalanu, pakuti m'kalasi ya anthu ochepa chotere palibe amene amachoka osasiya mpata woonekera. Kabuku kamene kadzangoyamba ndi anthu 17 kadzakhala kakunena kuti kalasi yanu inali yotero kuyambira pachiyambi, ndipo nonse mukudziwa kuti si mmene zinalili.

Pali chifukwa chimene mpata umenewo umaonekera kwambiri pasukulu yaing'ono, ndipo akatswiri anachifufuza kalekale. M'chaka cha 1964, Roger Barker ndi Paul Gump anasindikiza zotsatira za kafukufuku amene anachita m'masukulu 13 a sekondale kum'mawa kwa dera la Kansas ku America. Sukulu yaing'ono kwambiri mwa masukuluwo inali ndi ophunzira 35, pamene yaikulu kwambiri inali ndi ophunzira oposa 2,000. Iwo anapeza kuti sukulu yaikulu imakhala ndi zochitika zambiri, koma wophunzira wa pasukulu yaing'ono ndi amene amalowa m'zochitika zamitundumitundu ndipo kawirikawiri amapatsidwa udindo weniweni. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Timu ya mpira imafuna anthu 11 ngakhale sukulu ichepe bwanji, sewero limafuna ochita mbali zake zonse, ndipo kwaya imafuna mawu onse anayi. Pamene anthu ali ochepa, mnyamata amene sadziwa kwenikweni kuimba amakokedwa kuti aimbe, ndipo mtsikana wamanyazi amapezeka ataimirira kutsogolo pampikisano wa mtsutso chifukwa palibenso wina. Ofufuzawo anaonanso kuti ngakhale ophunzira amene sankakhoza bwino m'kalasi ankadzimva kuti akufunika pasukulu yaing'ono, pamene anzawo otere pasukulu yaikulu ankangosochera m'chigulu. Choncho mukamafunsa za anthu 14 aja mudzapeza kuti wina anali goloboyi wa sukulu yonse, wina ndiye ankasunga kiyi wa laibulale, ndipo wina atachoka sewero lina linalephereka. Nkhani zoterezi ndi zimene zidzapatse kabuku kanu moyo.

Koma kuchepa komweko kuli ndi mbali yake yowawa, imene anthu okumbukira zakale mwachisangalalo amakonda kuidumpha. Pasukulu yaing'ono palibe pobisala. Wophunzira akapatsidwa dzina lomunyoza mu Fomu 1, amalisenza mpaka Fomu 4, chifukwa palibe kalasi ina imene angasamukireko kapena gulu lina la anzake limene silinamve za dzinalo. Mavuto a kunyumba kwake amadziwika ndi aliyense, popeza anzakewo ndi anansi ake ndipo makolo awo amadziwana. Aphunzitsi nawonso amakhala ochepa, moti mmodzi amatha kuphunzitsa maphunziro awiri kapena atatu kwa zaka zonse zinayi. Mphunzitsi wotere akakukonda, umakhala ndi munthu amene akudziwa mphamvu zako ndi zofooka zako mwakuya, zimene mwana wa pasukulu yaikulu sazipeza kawirikawiri. Akapanda kukukonda, ulibe chiyembekezo choti chaka chamawa udzapeza wina. Ndikukhulupirira kuti apa ndi pamene pagona nkhani ya mphunzitsi wanu wa masamu, ndipo ndibwererako posachedwa.

Tsopano za kukumbukira mosiyana. Pali kafukufuku amene anachitika pa nkhani yanu yeniyeniyi, ya anthu okumbukira anzawo a kusekondale. M'chaka cha 1975, Harry Bahrick ndi anzake awiri ku Ohio, ku America, anasindikiza zimene anapeza atayesa anthu 392, ena omaliza kumene sukulu ndipo ena amene anamaliza zaka pafupifupi 50 m'mbuyomo. Anagwiritsa ntchito mabuku a zithunzi amene masukulu a kumeneko amasindikiza chaka chilichonse. Anthu ataonetsedwa zithunzi ndi mayina, ankazindikira anzawo a m'kalasi pafupifupi 90 pa 100 alionse ngakhale patapita zaka 15, ndipo ngakhale okalamba ankazindikirabe ambiri. Koma atauzidwa kuti angotchula mayina a anzawo pamtima popanda chowakumbutsa, ankatchula ochepa kwambiri, ndipo nambalayo inkatsika zaka zikamapita. Phunziro lake kwa inu ndi lothandiza pantchito: musapite kwa mnzanu chimanjamanja n'kumuuza kuti afotokoze zimene akukumbukira. Mutengereni chithunzi cha kalasi ngati chilipo, mndandanda wa mayina onse 31, ngakhale chojambula cha mmene madesiki ankakhalira. Zambiri zimene iye akuganiza kuti anaiwala zikadalipo, zikungofuna chozidzutsa.

Nkhope ndi mayina zimakhalitsa, koma zochitika ndi mmene munthu ankamvera zimasintha m'mutu mwake iye osadziwa. Bahrick yemweyo, pamodzi ndi anzake ena, anafunsa ophunzira 99 a kukoleji m'chaka cha 1996 kuti akumbukire magiredi amene anapeza kusekondale, kenako anayerekeza mayankho awo ndi zolembedwa za masukulu awo. Magiredi a A, amene ndi apamwamba kwambiri, anakumbukiridwa molondola maulendo 89 pa 100 alionse, pamene magiredi otsika a D anakumbukiridwa molondola maulendo 29 okha pa 100, ndipo zolakwika zambiri zinali zokweza giredi. Anthuwa ankadziwa kuti mayankho awo adzatsimikiziridwa, choncho analibe chifukwa chonamira. Kafukufuku wina wochititsa chidwi kwambiri ndi wa dokotala wa matenda a maganizo, Daniel Offer, amene mu 1962 anafunsa anyamata 73 a zaka 14 za makolo awo, sukulu yawo, chilango chimene ankalandira ndi zimene ankakonda. Patapita zaka 34 anapezanso 67 mwa iwo ali ndi zaka 48, n'kuwapempha kuti akumbukire mmene zinthu zinalili pa nthawi ya unyamata wawo. Pa mafunso ambiri, mayankho a abambowa sanafanane ndi a anyamata aja kuposa mmene zikanakhalira munthu atangolota yankho.

Ndanena zimenezi kuti mtima wanu ukhale m'malo pa anzanuwo. Amene akunena kuti munapambana mpikisano wa mpira mu Fomu 3 ndi amene akunena kuti munagonja mu ndime yomaliza, onse akhoza kukhala akunena moona mtima. Ntchito yanu yoyamba ndi kulekanitsa zinthu zimene zingatsimikiziridwe ndi zimene sizingatsimikiziridwe. Chaka chimene mphunzitsi wamkulu anasinthidwa, mayina a amene analembetsa Fomu 1, teremu imene denga la kalasi linasasuka ndi mphepo, zotsatira za mayeso: zonsezi zili ndi yankho limodzi, ndipo yankholo lingapezeke m'kaundula wa sukulu, m'malipoti a kumapeto kwa teremu amene wina anasunga, kuseri kwa zithunzi kumene anthu ankalemba madeti, kapena m'makope akale. Lembani kalata kwa mphunzitsi wamkulu amene alipo tsopano ndi kupempha chilolezo choona kaundula wa zaka zanu. Mwina mudzapeza kuti munali 33 kapena 30, ndipo pali dzina limene nonse munaliiwala. Koma funso lakuti sukulu inali malo osangalatsa kapena ozunza lilibe yankho limodzi, ndipo mukayesa kulipatsa yankho limodzi mudzakhala mwasankha mbali.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi gulu la WhatsApp lija, chifukwa zikuoneka kuti ndi kumene mukutolerako nkhani. Anthu ambiri amaganiza kuti gulu likakhala pamodzi limakumbukira zambiri, ndipo n'zoona kuti gulu limakumbukira zambiri kuposa munthu mmodzi. Koma mu 1997 Mary Susan Weldon ndi Krystal Bellinger anasonyeza kuti anthu atatu akamakumbukira chinthu pamodzi amatulutsa zochepa poyerekeza ndi zimene zimapezeka aliyense akakumbukira payekha kenako n'kuphatikiza mayankho awo. Munthu aliyense ali ndi njira yake yotsatira pokumbukira, ndipo mnzake akayamba kufotokoza amamudula njirayo. Izi zinaoneka pa anthu ofanana mphamvu amene ankangokumbukira mawu ndi nkhani yaifupi. Nanga kuli bwanji pagulu limene ena ali ndi foni zabwino ndi intaneti ya tsiku lonse, amalemba mofulumira ndi molimba mtima, pamene ena amalowa kamodzi pa sabata n'kupeza mauthenga mazana atadutsa kale? Pagulu lotere nkhani imene yanenedwa koyamba ndi munthu wodziwa kulankhula imasanduka nkhani ya onse. Ena amaivomereza, ena amayamba kuikumbukira ngati kuti anaionadi, ndipo amene akudziwa kuti sizinali choncho amangokhala chete. Kukhala chete kwa anzanu a kumudzi musakuwerenge ngati kusowa chonena.

Choncho tolerani nkhani kwa munthu mmodzimmodzi, ndipo chitani zimenezi tsiku la mkumano lisanafike. Amene amakonda kulemba alembe, amene sakonda kulemba ajambule mawu pa foni, ndipo amene alibe foni mupite mukawaone kapena mutume mnzanu amene amagwirizana nawo. Mafunso anu akhale aang'ono ndi ogwirika. Funso lakuti "Mukukumbukira chiyani za sukulu yathu?" limabala mayankho ofanana kwa aliyense: tinkavutika koma tinkakondana, aphunzitsi athu anali odzipereka, ana a masiku ano sangapirire zimene tinapirira. Mayankho oterewa ndi aulemu, koma mukawasonkhanitsa 25 simudzapeza chowerenga. Funsani m'malo mwake kuti ankakhala ndi ndani pa desiki, ankanyamuka kunyumba nthawi yanji ndipo ankadutsa kuti, ndi phunziro liti limene ankaliopa, ndani anamuthandizapo pa tsiku limene zinamuvuta, ankawerenga pati mayeso akayandikira ndipo kuwala ankakupeza bwanji. Kwa amene analekera panjira, ngati mukuona kuti mtima wawo walola, mukhoza kufunsa ngati tsiku lomaliza limene anabwera kusukulu ankadziwa kuti ndi lomaliza. Ambiri sankadziwa, chifukwa kusiya sukulu kawirikawiri kumayamba ngati kujomba kwa sabata imodzi poyembekezera kuti ndalama zipezeka kapena wodwala achira, ndipo sabatayo imangotalika. Mbali imeneyi ya zaka zanu anthu 17 aja saidziwa, pakuti iwo anangoona desiki yopanda munthu.

Za mphunzitsi wa masamu, malangizo anga ndi akuti mulembe mbali zonse ziwiri, chilichonse m'mawu a mwini wake, ndipo musaike chiganizo chanu choweruza pakati. N'zotheka ndithu kuti munthu mmodzi yemweyo ankatsala madzulo kuphunzitsa mwaulere ana asanu amene ankawaona kuti akhoza, ndipo m'mawa mwake ankachititsa manyazi pa bolodi mwana amene sankamva masamu. Amene anali m'gulu la asanu aja akunena zoona akamati anawapulumutsa, ndipo amene ankaimitsidwa pa bolodi akunenanso zoona. Sindikuona chifukwa chobisira wowerenga kuti mphunzitsi mmodzi anasiya zipsera ziwiri zosiyana chotere, ndipo aphunzitsi achinyamata amene adzawerenge kabukuko adzaphunzirapo kanthu kuposa mmene angaphunzirire pa ndime yoyamikira yokha. Ngati mphunzitsiyo ali moyo, mukawaone ndi kuwafunsa mafunso ngati omwe mwafunsa ena, mwaulemu wonse. Mwina adzakuuzani zinthu zimene ana simukanaziona: kuti ankaphunzitsa maphunziro atatu okha popanda wowathandiza, kuti mabuku analipo asanu a kalasi yonse, kapena kuti ankadziwa kuti ankaumitsa dzanja ndipo zimawapwetekabe. Muwadziwitsenso pasadakhale kuti m'kabukuko muli mawu ena owawa, kuti asadzawaone koyamba pamaso pa anthu.

Pano pali malire amene ndiyenera kuwanena momveka. Kuuma mtima kwa mphunzitsi ndi nkhani ina, ndipo mlandu ndi nkhani ina. Ngati pofunsa anzanu wina akuululirani kuti mphunzitsi kapena wophunzira mnzake anamugwirira kapena anamukakamiza kugonana naye, nkhani imeneyo si ya m'kabuku, ndipo si yanu kuti muifalitse. Mumvetsereni, mumukhulupirire, musauze gulu, ndipo ngati iye akufuna kuipititsa patsogolo mumuthandize kufika kwa apolisi kapena kwa anthu othandiza ochitiridwa nkhanza. Kuilemba m'kabuku kungamuike poyera iye asanakonzeke, komanso kungakugwetseni inuyo m'mlandu woipitsa mbiri ya munthu. Ngati wochita zoipayo akuphunzitsabe ana, nkhaniyo imalemera koposa, ndipo mpofunika kukambirana ndi mwini nkhaniyo za ana amene ali m'manja mwa munthuyo lero.

Nditembenukire kwa awiri amene akana kubwera ndi ena amene ali chete. Simunandiuze zifukwa zawo, koma mwatchula kuti onse ndi amene anatsala kumudzi, ndipo zimenezi sizichitika m'kalasi yanu yokha. Michael Corbett, amene anaphunzitsa kwa zaka zambiri m'midzi ya asodzi ya Digby Neck ku Nova Scotia m'dziko la Canada, anatsatira miyoyo ya ana amene anadutsa pasukulu ya kumeneko kwa zaka zoposa 30, ndipo mu 2007 anasindikiza zimene anapeza. Mfundo yake yaikulu inali yakuti sukulu yakumudzi, mwa zina zimene imaphunzitsa, imaphunzitsa ana kuchoka: kukhoza bwino kumatanthauza kupita kutali, ndipo amene watsala amaoneka ngati sukulu inamulephera kapena iye anailephera, ngakhale atakhala kuti akusamala banja lake bwino ndi ntchito ya manja ake. Patrick Carr ndi Maria Kefalas anapeza zofanana m'tauni ina yaing'ono ya ku Iowa, ku America, ndipo mu 2009 analemba kuti aphunzitsi ndi akuluakulu a m'deralo ankathera mphamvu zawo zambiri pa ana amene ankaoneka kuti adzapita kukoleji ndi kusamuka, pamene ana amene adzatsale ndi kusenza deralo ankalandira chisamaliro chochepa. Madera awiriwa ndi a m'mayiko olemera, koma aliyense amene anaphunzira kumudzi kulikonse akudziwa mawu amene aphunzitsi amanena pofuna kulimbikitsa ana: limbikirani kuti musadzathere kuno. Amanena ndi mtima wabwino, koma mwana amene anatheradi komweko amawakumbukira mawuwo moyo wake wonse.

Ganizirani tsono mmene mkumano wanu ukuonekera m'maso mwa mnzanu amene amadutsa pasukulupo tsiku lililonse popita kumunda kapena kuntchito yake. Kwa inu amene munachoka, sukuluyo ndi chinthu chakale chimene mukufuna kukachionanso. Kwa iye ndi malo a lero, kumene mwina ana ake akuphunzira ndipo mwina iye ali m'komiti ya makolo. Akamva kuti anzake akubwera ndi magalimoto kudzakumbukira mmene ankavutikira kale, akumva kuti moyo wake wa lero ndiwo ukutchedwa mavuto akale. Akuopanso funso limene amadziwa kuti lidzafunsidwa, lakuti "Nanga inu mukutani masiku ano?" Ine ndikuona kuti anthu amenewa ndiwo mboni zofunika kwambiri pa kabuku kanu, chifukwa ndi okhawo amene akudziwa zimene zinachitika inu mutachoka. Akudziwa mphunzitsi amene anamwalira ndi kumene anaikidwa, chipinda chimene chinagwetsedwa, mtengo umene unadulidwa, ndi kumene kunapita mnzanu amene aliyense akuti anasowa. Mukapita kwa iwo mukupempha thandizo pa zimene inu simukuzidziwa, mudzalandiridwa mosiyana ndi mmene mungalandiridwire mutapita kukawachonderera kuti asachite manyazi.

M'kabuku momwemo, samalani ndi kalembedwe kamene kamasanja anthu mosadziwa. Mabuku ambiri a mtundu umenewu amakhala ndi tsamba la "ali kuti tsopano", kumene dzina lililonse limatsatiridwa ndi digiri, udindo ndi mzinda. Tsamba lotere limasanduka zotsatira zachiwiri za mayeso, ndipo amene anagwa poyamba amagwanso. Ndingakonde kuti mayina asanjidwe motsatira zilembo monga mmene analili m'kaundula, aliyense apatsidwe malo ofanana kukula, ndipo aliyense asankhe yekha chimene akufuna kunena za moyo wake wa lero. Wina adzatchula ntchito yake, wina ana ake, wina munda wake, wina sadzanena kanthu za lero, ndipo zonsezo n'zololeka. Chimodzimodzinso pa tsiku la mkumano: uchitikire pasukulu pomwepo masana, kumene otsala aja ndiwo eni malo, ndipo zopereka za munthu aliyense zisalengezedwe pagulu. Ngati mwakonza zopatsa sukulu mphatso, afunseni otsalawo chimene sukulu ikusowa, ndipo mmodzi wa iwo akhale m'gulu lopereka mphatsoyo m'dzina la kalasi yonse.

Pa anthu 14 aja pali chinthu china chofunika kusamala nacho. Dzina la munthu ndi zaka zimene anakhala nanu ndi mbiri ya kalasi, koma chifukwa chimene anachokera ndi chake. Ngati mnzanu anasiya sukulu chifukwa cha mimba, chifukwa bambo ake anamwalira, kapena chifukwa anachotsedwa atalakwa, inu musalembe zimenezo pokhapokha iye mwini atazinena ndi kuvomera kuti zisindikizidwe. Kuti nonse mukudziwa kale si chilolezo, pakuti kabuku kadzafika m'manja mwa ana ake ndi apongozi ake amene mwina sadziwa. Za amene anamwalira, pitani kwa abale awo, muwafotokozere chimene mukuchita, ndipo muwapemphe chithunzi ndi mawu ochepa. Mabanja ambiri amakhudzidwa mtima akamva kuti anzake a mwana wawo akumukumbukirabe patapita zaka zonsezi, koma matenda amene anamutenga asalembedwe ngati banjalo silinafune.

Inunso, Mayi, ndinu mmodzi wa anthu 31, ndipo kukumbukira kwanu kuli ndi zopotoka zake monga kwa ena onse. Popeza cholembera chili m'manja mwanu, nkhani yanu ikhoza kusanduka msana wa kabuku konse inu osazindikira, ndipo za anzanu n'kumaoneka ngati zongowonjezera. Njira yopewera zimenezi ndi kulemba zokumbukira zanu poyamba, musanamve za ena, n'kuziika pa tsamba lanu pansi pa dzina lanu ngati za wina aliyense. Mawu oyamba a kabukuko akhale aafupi, onena zinthu zotsimikizika zokha: chaka chimene munayamba, chaka chimene munamaliza, mayina a aphunzitsi ndi maphunziro awo, ndiponso mmene nkhanizo zinasonkhanitsidwira. Pamene anthu awiri akutsutsana pa chinthu chimene kaundula sangachiweruze, ikani mawu awo moyandikana ndipo wowerenga aone yekha. Musawongole chilankhulo cha anzanu mpaka onse azimveka ngati inu. Konzani zilembo zolakwika, koma mawu amene munthu anasankha akhale momwemo.

Musanapite kosindikiza, munthu aliyense aone tsamba lake ndi malo ena alionse amene dzina lake latchulidwa, ndipo amene kuwerenga kumamuvuta mumuwerengere. Ntchito imeneyi idzakuchedwetsani, ndipo mwina kabukuko sikadzatha tsiku la mkumano lisanafike. Ngati zitatero, ndi bwino kukumana kaye n'kusindikiza pambuyo, chifukwa pa tsikulo padzatuluka zithunzi ndi makope amene simunadziwe kuti alipo, ndipo ena amene anakana kulankhula poyamba adzafuna kuwonjezera mawu awo ataona kuti anzawo sanawaseke. Awiri amene akana kubwera aja muwayendere kamodzi, munthu mmodzi yekha amene amamukhulupirira, ndipo akakanabe musawaumirize. Afunseni ngati akulola kuti dzina lawo likhale pa mndandanda wa kalasi popanda mawu ena alionse, ndipo kabuku kakatuluka muwapititsire kope lawo kunyumba. Kope lina mukasiye ku laibulale ya sukuluyo, mutalemba mayina a anthu onse pansi pa chithunzi chilichonse ndi chaka chimene chinajambulidwa.